Msungi Si Mwini

Mtsinje wa Domasi utsika pakati pa mapiri awiri, la Zomba ndi la Malosa, nuyenda m'chigwa chachonde kufikira utathira m'nyanja ya Chilwa. Anthu a m'chigwa chimenechi, ndiwo Ayao, Anyanja ndi Alomwe, anaona sukulu kale ndithu. Mishoni ya Domasi inayamba m'chaka cha 1884, ndipo m'chaka cha 1929 boma linatsegula sukulu ya Jeanes, kumene aphunzitsi ankaphunzira pamodzi ndi akazi awo. Koma ngakhale maphunziro anafika kale chotero, lilipo funso limodzi limene lizunguza ophunzira ndi osaphunzira omwe, ndipo ladanitsa abale ambiri. Funsolo ndi ili: munthu wamkulu akadwala kufikira kuti sathanso kudziganizira yekha, ndani ayenera kumlankhulira ndi kumgwirira chuma chake?

Za mwana wamng'ono palibe wokangana, pakuti makolo ake ndiwo amuyankhira. Koma munthu amene wakwanitsa zaka 18 ali mwini wa thupi lake ndi wa chuma chake pamaso pa lamulo. Khoti lingathe kumuikira womuyang'anira, komatu mabanja ochuluka a kwa Malemia ndi kwa Kuntumanji safika kukhoti ndi nkhani yotere. Iwo angoyamba kusamala wodwala wawo, opanda kalata ili yonse m'manja. Nkhani ino ili ya mabanja otero.

Nzeru Zithawa Bwanji?

Njira zake nzambiri. Wina magazi ake athamanga kwa zaka iye osadziwa, ndipo tsiku lina mtsempha wa mu ubongo utsekeka kapena uphulika. Munthuyo agwa, ziwalo za mbali imodzi zifa, lilime lilemera. Matendawa madokotala awatcha sitiroko. Wina agundidwa ndi galimoto pa msewu wa ku Liwonde, nagona masiku ali chikomokere. Wina amgwira misala. Winanso akalamba, nayamba kuiwala pang'onopang'ono. Lero waiwala pamene anaika khasu, chaka chamawa waiwala dzina la mdzukulu wake, kenaka atuluka usiku kufunafuna mudzi umene anabadwira. Kuiwala kotereku ndi nthenda ya ubongo, ndipo dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anafotokoza mtundu wake wina m'chaka cha 1906. Nkhalamba yopezeka usiku pakhomo pa eni ili yosokera chabe, siili mfiti, ndipo lamulo la 1911 liletsa kunenera munthu ufiti.

Koma pano pafunika kusamala. Wogontha, wakhungu, wachibwibwi, wodwala khunyu, ngakhale nkhalamba yoyenda ndi ndodo, onsewa nzeru ali nazo, ndipo palibe woyenera kuwalanda pakamwa. Ndiponso nzeru sizithawa zonse nthawi imodzi monga mpheta pa mpunga. Munthu angalephere kuwerengera ndalama za kubanki, koma nadziwa bwino lomwe nyumba imene afuna kugonamo ndi mwana amene afuna kuti amsambitse. Wina asokonezeka madzulo, koma m'mawa mutu wake uli bwino. Ndipo munthu akapereka mbuzi yake ku mpingo kapena ku mzikiti abale ake asakufuna, sali wopenga chifukwa cha icho. Mbuziyo njake.

Mwambo wa Makolo

Makolo akale sanaisiye nkhani imeneyi yosakonza. M'chigwa cha Domasi mtundu utsata kuchikazi. Akazi a mimba imodzi pamodzi ndi ana awo ndiwo mbumba, ndipo mlongo wawo wamkulu ndiye mwinimbumba, amene Ayao amutcha asyene mbumba. Iyeyu ndiye ankathamanga kukafuna mankhwala wina akadwala, ndiye ankayankha pabwalo wina akapalamula. Mwamuna ankakhala chikamwini kwa mkazi wake, koma sanaleke kukhala munthu wa kwao. Akadwala kwambiri, mkazi ankatumiza mawu kudzera mwa ankhoswe, ndipo abale a mwamunayo ankabwera kudzamuona, mwinanso kumnyamula kumka naye kwao.

Mwambo umenewu unalimba pa zifukwa ziwiri. Choyamba, munthu sankagamula yekha, pakuti mutu umodzi susenza denga. Chachiwiri, chuma cha masiku amenewo chinali poyera. Munda unali wa mbumba ndipo sunkagulitsidwa. Nkhokwe inali pabwalo, mbuzi zinali m'khola, ndipo wofuna kuba ankaonekera. Lero chuma chinalowa m'malo obisika: m'buku la kubanki, m'kakhadi ka makina otulutsa ndalama, m'manambala achinsinsi a Airtel Money kapena Mpamba, m'pepala la puloti. Munthu mmodzi angathe kuchimaliza chonse anzake osadziwa. Maso a mudzi, amene kale anali mpanda wa wodwala, safika m'malo amenewa.

Eni Atatu

Nachi chitsanzo cha mlandu wa mtundu umene afumu a m'chigwachi audziwa bwino. Bambo wina anagwira ntchito ya umesenjala zaka zambiri, napuma, nakhala kwa mkazi wake akulandira penshoni mwezi ndi mwezi. Ndi ndalama zake zopumira anagula kamalo m'mbali mwa msewu, pafupi ndi msika wa Songani, namangapo kanyumba ka sitolo. Tsiku lina ali kudimba anagwa. Potuluka m'chipatala dzanja lake lamanja linali lakufa, ndipo mawu ake ankamveka kwa mkazi wake yekha.

Isanathe miyezi itatu, anthu atatu anadzitcha eni ake. Mkazi anati, "Ndine amene ndiwasambitsa ndi kuwadyetsa. Kakhadi ka kubanki kakhale kwa ine." Mwana wamwamuna woyamba, wokhala ku Blantyre, anati, "Amayi, inu za makina simuzidziwa. Mwana wamkulu ndine." Mwana wa mlongo wa bamboyo anafika kuchokera kumudzi kwao nati, "Awa ndi amalume anga. Tiwatenge pamodzi ndi zawo zonse." Aliyense mwa atatuwa anali ndi kachoonadi kake, koma panalibe amene anaganiza zofunsa mwiniwake, amene anali gone pamphasa akuwamvera.

Tsiku lina mwana wamwamunayo anabwera ndi munthu wogula sitolo ija, pepala lolembedwa kale ndi inki ya chidindo zili m'thumba. Mwina mnyamatayo sanali wakuba, pakuti ngongole za matenda zinamkulira ndithu. Anagwira dzanja lamanzere la bambo wake kuti adinde chala. Koma mlongo wake, amene anaphunzira kuwerenga ku sukulu ya kwacha ali mayi wa ana atatu, anapempha pepalalo. Analiwerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere, nati, "Achimwene, pepalali likuti bambo amva zonse zolembedwamo, ndipo alandira ndalama zonse. Kodi amva? Kodi alandira?" Atatero anagwada pambali pa mphasa nafunsa, "Bambo, kodi mufuna kuti sitolo igulitsidwe?" Nkhalambayo inapukusa mutu katatu, nibisa dzanja lake m'bulangeti. Wogula uja anapinda pepala lake nachoka.

Chimene Lamulo Linena

Mayiyo sanadziwe malamulo, koma anachita chimene lamulo lifuna. Lamulo lalikulu la dziko la Malawi, la m'chaka cha 1994, linena pa ndime 19 kuti ulemu wa munthu aliyense sungachotsedwe. Pa ndime 20 liletsa kusala munthu chifukwa cha kulumala, ndipo pa ndime 28 liletsa kulanda munthu chuma chake popanda chifukwa. Matenda safafaniza ndime zimenezi. Pepala limene munthu anadindapo asakumva kanthu, wogula akudziwa, khoti lingathe kulithetsa, ndipo wokakamiza chala cha wodwala pa pepala angathe kuimbidwa mlandu wachinyengo.

Ena asokoneza nkhaniyi ndi ya chuma chamasiye. Lamulo la 2011 lifotokoza za kagawidwe ka chuma cha womwalira, ndipo liteteza mkazi wamasiye ndi ana kwa olanda. Koma lamulolo liyamba ntchito maliro atachitika. Munthu ali moyo, ngakhale asalankhule, chuma chake chili chake. Mwana amene adzalowa chumacho mtsogolo alibe gawo lero.

Nanga mphamvu yogwira chuma cha wodwala ichokera kuti? Ichokera kukhoti. Lamulo la matenda a maganizo la m'chaka cha 1948 linaika nkhani zotere m'manja mwa khoti, ndipo m'chaka cha 2025 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano lolowa m'malo mwa lakalelo. Mfumu ingathe kuyanjanitsa abale ndi kuchitira umboni, koma kalata yake siitsegula buku la kubanki la munthu wina. Khoti lalikulu, lotchedwa High Court, lili ndi nthambi ku Zomba. Komwekonso kuli ofesi ya Legal Aid Bureau, imene ithandiza anthu osauka pa nkhani za malamulo, ndi ofesi ya Social Welfare, yoona za umoyo wa anthu ovutika. Kuchokera ku Domasi ulendo wake ndi wa minibasi imodzi.

Iliponso kalata imene munthu alemba pamaso pa loya, yotuma mnzake kuti amgwirire ntchito zina. Kalatayi njabwino, koma ili ndi malire. Malinga ndi lamulo lakale la ku England, limene makhoti a maiko ambiri anatengera, mphamvu ya kalata yotere itha pamene nzeru za woilembayo zathawa, pakuti mthenga sangapose womtuma. A ku England eni ake anaona vuto limeneli, nakonza malamulo ena m'zaka za 1985 ndi 2005 olola munthu kusankhiratu womlankhulira. Lamulo lawo la 2005 liyamba ndi mfundo zoyenera kuti banja lili lonse lizidziwe: munthu ayesedwe wanzeru kufikira zitaoneka kuti sali kutha, ayambe wathandizidwa kuti asankhe yekha, ndipo chomchitira chikhale chomkomera iye. Maiko a dziko lonse anagwirizananso chimodzimodzi m'pangano la ufulu wa anthu olumala la m'chaka cha 2006, limene Malawi anavomereza mu 2009. Ndime 12 ya panganolo iti munthu azithandizidwa posankha m'malo momlanda kusankhako. M'chaka cha 2024 Malawi anakhazikitsanso lamulo la anthu olumala ndi lina loteteza okalamba.

Gadiyani wa Kuchipatala

Aliyense amene anagonekapo wodwala ku chipatala cha Domasi, ku St Luke's ku Malosa, kapena ku chipatala chachikulu cha Zomba, alidziwa dzina lakuti gadiyani. Gadiyani ndiye mbale wodikira matenda. Aphika kuchitando, achapa, atembenuza wodwala, namvera zimene anamwino anena. Ntchito yake njaikulu, ndipo zipatala ziidalira. Wodwala akakhala chikomokere, madokotala afunsa gadiyani za chifuniro chake, ndipo nthawi zambiri amuuza kuti asaine pepala. Moyo ukakhala pachiswe, dokotala achita chofunika kuupulumutsa osadikira kuti abale onse asonkhane.

Komatu dzinali linyenga ena. Munthu abwera kuchipatala nati, "Ine ndine gadiyani, ndinasaina ndine," nayesa kuti tsono alamulira ndi munda womwe. Ugadiyani wa kuchipatala uthera pachipata cha chipatala. Ngakhale m'katimo, gadiyani ali pakamwa pobwereka. Dokotala akafunsa, iye ayenera kunena chimene wodwalayo akadanena, ngakhale chisiyane ndi chimene iye mwini akonda. Wodwala amene ali kumva ndi kuyankha, ndiye woyenera kuvomera kapena kukana opaleshoni.

Chimodzimodzi ndi ndalama za Mtukula Pakhomo, zimene zinayambira ku Mchinji m'chaka cha 2006. Munthu amene sangathe kuyenda aloledwa kulembetsa womlandirira. Koma wolandirira angonyamula. Ndalamazo zikathera pa msika zisanafike pakhomo pa mwini, wonyamulayo wadya za wodwala.

Zoyenera Kuchita Banja Lopanda Kalata ya Khoti

Choyamba, wodwala afunsidwe. Akulu anati wamisala anaona nkhondo, kutanthauza kuti ngakhale munthu wonyozeka ali ndi mawu oyenera kumvedwa. Afunsidwe nthawi imene mutu wake uli bwino, m'chinenero chake, ngati nChiyao Chiyao chomwecho, funso limodzi lalifupi nthawi imodzi. Kugwedeza mutu, kufinya dzanja, kutembenuza nkhope, onsewa ali mayankho. Akalephereratu kuyankha, abale akumbukire makhalidwe ake ndi mawu amene ankanena ali bwino. Msilamu asadyetsedwe zimene ankasala. Munthu amene ankati munda wakuti usachoke m'manja mwa adzukulu, mawu akewo akadali amoyo.

Chachiwiri, zinthu zazing'ono zisiyanitsidwe ndi zazikulu. Ufa, ndiwo, sopo, bulangeti ndi ndalama ya minibasi ya ku chipatala, izi wosamala wodwala agula osadikira msonkhano. Koma kugulitsa malo kapena nyumba, kutseka buku la kubanki, kutenga ngongole m'dzina la wodwala, kumsamutsira kutali, izi sizichitika ndi munthu mmodzi. Chinthu chimene chikachitika sichibwereranso chifuna uphungu wa odziwa malamulo, ndipo kawirikawiri chifuna chilolezo cha khoti. Nthawi zina kugulitsa kukhala koyenera, monga pamene palibe njira ina yopezera mankhwala. Koma wogulitsa mwachilungamo saopa kudzera pakhomo la khoti.

Chachitatu, abale a mbali zonse ziwiri akhale pansi, akuchikazi ndi akuchimuna, ankhoswe ali pomwepo, ndipo mfumu kapena nduna yake ikhale mboni. Asankhe munthu mmodzi wogwira ndalama, ndi wina wa mbali inayo woona m'mene ziyendera. Mkazi amene achezera usiku ndi wodwala asaikidwe kumbuyo pa msonkhanowo chifukwa chakuti sali wa mbumba ya mwamuna wake, pakuti iye ndiye adziwa zosowa za tsiku ndi tsiku. Zimene agwirizana zilembedwe, tsiku lake ndi mayina a mboni. Pepala limenelo siliposa khoti, koma litseka pakamwa pa munthu wodzati, "Ine sindinamve."

Chachinayi, pakhale kope. Apa mpamene munthu wophunzira kulemba atakula apindula ndi khama lake. Kope la ana a sukulu likwanira. Tsamba ligawidwe patatu: tsiku, zolowa, zotuluka. Penshoni ikafika ilembedwe, lendi ya sitolo ikafika ilembedwe, sopo akagulidwa alembedwe, ndipo malisiti a kuchipatala asungidwe m'kati mwa kopelo. Pakutha pa mwezi kope liwerengedwe mokweza pamaso pa wodwala ndi abale. Kope lotere ligwira wakuba, komanso lipulumutsa wachilungamo. Akazi ambiri amene anadwazika amuna awo zaka ndi zaka anenedwa pamaliro kuti anadya chuma. Wokhala ndi kope satuluka thukuta poyankha, angotsegula masamba.

Chachisanu, wodwala apite naye kwa madokotala kawirikawiri, pakuti nthenda zina za maganizo zichizika. Ku Zomba kuli chipatala cha nthenda zimenezi chimene chinatsegulidwa m'chaka cha 1953, ndipo ambiri amene analowamo anabwerera kwao kukalima. Wa sitiroko nayenso mwina ayambanso kulankhula. Munthu akachira, kakhadi kake, foni yake, chiphaso chake cha unzika ndi makiyi ake zibwezedwe tsiku lomwelo, iye asanapemphe.

Kukonza Dzuwa Likadalipo

Zonsezi zipepuka ngati mwiniwake ananeneratu. Anthu aopa kulankhula za matenda ali bwino, poyesa kuti adziitanira tsoka. Koma mlimi amene afolera denga lake mu Okotobala saitana mvula, angodziwa kuti idzabwera. Munthu wanzeru aitana mkazi kapena mwamuna wake, ana ake ndi mwinimbumba, nawauza kuti, "Ndikadzalephera kulankhula, uje ndiye adzandilankhulire, uje ndiye adzaone kope. Munda wakuti usagulitsidwe. Ndikadzadwala ndidzagone pakuti." Akatha kulemba, alembe ndi dzanja lake, mboni ziwiri zisaine. Akakhala ndi nyumba kapena ndalama kubanki, afunsenso kwa odziwa malamulo njira yolimbitsira mawu akewo.

Ndipo iye amene lero ali kusamala mnzake akumbukire mwambi wakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ana ali kuona m'mene agogo awo asungidwira, ndipo ndi iwo omwe amene adzagwira kope ndi makiyi zaka zikubwerazi. Msungi wa nkhokwe ya mnzake atapamo chimanga chodyetsa mwini nkhokweyo, nauza anthu madengu amene watapa. Wochita chotero, kaya ali ndi kalata ya khoti kaya alibe, adzayankha mopanda manyazi pabwalo la mfumu ndi pamaso pa woweruza.